Kodi "cursory" ndi mwano? Zomwe tinakambirana pa gulu

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni abale. Ntchito yanga ya kusukulu yabwerako, ndipo pa chigawo chomwe ndimaunika mabuku amene ndinawerenga, ochonga alemba ndi inki yofiira kuti "your evaluation of the sources is cursory". Mawu enawo ndawamva, koma cursory ameneyu wandibalalitsa. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti akuchokera ku curse, ndiye kuti ntchito yanga ndi yotembereredwa. Zoona zimenezi?

JoniBoy: Kkkkk achemwali, pitani kwa abusa akakupempherereni pepalalo.

Namwino waku Leeds: Musawaseke a Nachisale, inu a JoniBoy. Mawuwo amafananadi pomveka. Achemwali, palibe temberero apa. Akunena kuti simunazame, mwangodutsamo.

Mphunzitsi Wopuma: Mwaswera bwanji ana anga. Mayi Namwino anena zoona, koma ndiloleni ndiwonjezere, poti ichi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe Chilatini cha ku seminale chimandithandizabe. Curse ndi mawu a Chingelezi chakalekale, analipo kale anthu a ku Normandy asanalande England mu 1066. Cursory ndi mlendo, analowa m'Chingelezi cha m'ma 1600, ndipo kwawo ndi ku Chilatini. Mneni wake ndi currere, kutanthauza kuthamanga. Munthu wothamanga ankatchedwa cursor, ndipo chilichonse chokhudza wothamangayo chinkatchedwa cursorius. Pamenepo ndi pomwe panachokera cursory. Choncho ochonga akuti maso anu anathamanga pa mabukuwo. Sakunena kuti ndinu mbuli, sakunenanso kuti mwanama. Akudandaula liwiro lanu basi.

JoniBoy: Dikirani kaye aphunzitsi. Cursor yomweyi ya pa kompyuta? Kakamzere kophethiraphethira kaja?

Mphunzitsi Wopuma: Yomweyo. Kamathamanga pa galasi kukuonetsani pomwe muli. Makompyuta asanabwere, dzinalo linali la kagalasi koyenda uku ndi uku pa slide rule, chipangizo chowerengera masamu chomwe ife tinachiona ndi maso koma inu munachipeza chitatha ntchito.

JoniBoy: Ndiye ine tsiku lonse ndimakhala ndikuthamangitsa wothamanga. N'chifukwa chake ndimaweruka wotopa.

Wa ku Ulongwe: Kuno kwathu ku Mozambique zimenezi sizivuta kumva, chifukwa m'Chipwitikizi kuthamanga ndi correr, mpikisano wothamanga ndi corrida, maphunziro omwe munthu akuchita ndi curso. Onsewa ndi ana a currere yemweyo. Ndikaona cursory ndimangomva correr m'kati mwake.

Mphunzitsi Wopuma: Mwachita bwino achimwene a ku Ulongwe. Banjali ndi lalikulu zedi. Course ya kusukulu, current ya magetsi ndi ya mumtsinje, currency chifukwa ndalama imayenda m'manja mwa anthu, courier wopereka katundu, corridor, excursion. Ngakhale zilembo zolumikiza zomwe tinkakukwapulirani ku pulayimale zija dzina lake ndi cursive, chifukwa cholembera chimathamanga osanyamuka pa pepala. Ndipo CV yomwe mumapempherera ntchito ndi curriculum vitae, mpikisano wa moyo wanu, poti curriculum poyambirira inali mpikisano wa liwiro kapena kangolo kothamangitsidwa ndi akavalo.

Nachisale: Zikomo kwambiri aphunzitsi, mtima wakhala pansi. Koma ndifunsebe: ndi mawu olemera bwanji? Ndiye kuti andikalipira kwambiri kapena angondigwedeza pang'ono?

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndinganene kuti akuchitirani chifundo. Akanafuna kukubayani akanalemba perfunctory. Awa amachokera ku perfungi, kugwira ntchito mpaka kuthana nayo, ndipo ndi achibale a function ndi defunct. Munthu wa perfunctory amagwira ntchito kuti ingomuchoka, mtima wake uli kwina. Atha kukhala pa pepalalo tsiku lonse, koma alibe nalo chidwi. Wa cursory mwina chidwi anali nacho, nthawi ndi yomwe sanaipereke. Woyamba akumuimba mlandu pa mtima, wachiwiri pa miyendo.

Namwino waku Leeds: Aphunzitsi, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono, mundikhululukire. M'kalasi mwina ndi mawu ofewa, koma ku ntchito kwathu kuno ndi mawu oopsa. Wodwala akavulala kapena kumwalira, n'kubwera ofufuza kudzalemba lipoti, chiganizo chomwe namwino aliyense amachiopa ndi choti wodwalayo anapimidwa mwa cursory. Palibe amafunsa ngati mtima wako unalipo kapena ayi. Funso limakhala loti unayenera kuona chiyani ndipo unaona chiyani. Ukhoza kukhala munthu wachikondi kwambiri, koma ngati unangoyang'ana bala osavundukula bandeji yonse, mawu amenewa akugwera, ndipo amatha kukutsata mpaka ku bungwe lopereka ziphaso. Ndiye kulemera kwake kumadalira chomwe unachithamangiracho.

Mphunzitsi Wopuma: Sindikana mayi. Koma taonani kuti ngakhale pamenepo mlandu wake ndi womwewo, kuthamanga. Chasintha ndi mtengo wa chinthu chomwe wachidumpha.

Kalaliki wa ku Khothi: Ndalowa mochedwa, koma ndawerenga zonse, osati mwa cursory. Nonse awiri mukuwatenga mawuwa ngati chidzudzulo nthawi zonse, pomwe m'malamulo nthawi zina ndi lamulo lenilenilo kuti uchite zinthu mwa cursory. Chitsanzo chodziwika ndi mlandu wa Maryland v. Buie, womwe khothi lalikulu la ku America linagamula mu 1990. Mu 1986 anthu awiri anaba ndi mfuti pa malo ogulitsira pizza ku Maryland, ndipo mmodzi anavala suti yofiira yothamangira. Apolisi anapita kunyumba kwa Buie, mmodzi mwa oganiziridwawo, ndi chikalata chomumangira, iye n'kutuluka m'chipinda chapansi pa nyumba, n'kumugwira. Wapolisi wina anatsikira m'chipindamo kukaona ngati mwabisala munthu wina, ndipo anaona suti yofiira ija ili poyera. Funso linali loti kodi anali ndi ufulu wolowamo popanda chikalata chochitira chipikisheni? Khothi linati apolisi akamanga munthu m'nyumba, ndipo ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti muli wina woopsa, atha kuzungulira m'nyumbamo podziteteza, koma kuyang'anako kukhale cursory, kongoponya maso m'malo omwe munthu angabisale. Osatsegula madirowa, osavundukula mabokosi, osakhalitsa. Apa wapolisi wozama ndi amene waphwanya lamulo, wothamanga ndi amene walisunga.

JoniBoy: Suti yothamangira, wapolisi wothamanga, mawu othamanga. Mlandu umenewu munachita kuupeka bwana Kalaliki.

Kalaliki wa ku Khothi: Ulipo, kaufufuzeni. Komanso maloya amakonda chiganizo china, choti "even a cursory reading shows". Akatero sakudzidzudzula ayi. Akuuza woweruza kuti nkhaniyi ndi yoonekeratu moti ngakhale wodutsa pa liwiro aiona, ndiye kuti loya wa mbali inayo amene sakuionayo ali ndi vuto. Ndi chipongwe chovala tayi.

Namwino waku Leeds: Chabwino, ndavomera kuti si nthawi zonse. Koma a Nachisale sanalandire kalata ya loya, alandira inki yofiira.

Nachisale: Kkkk zoona mayi. Nanga kuti ndikonze, ochongawo akufuna chiyani kwenikweni? Ndinatchula mabuku onse omwe anatipatsa, ndipo lililonse ndinalemba zomwe likunena.

Mphunzitsi Wopuma: Vuto lili pomwepo mwana wanga. Kutchula buku n'kunena zomwe likunena ndi kulipatsa moni. Kuliunika ndi kulifunsa mafunso. Wolembayo anafunsa anthu angati, ndipo a kuti? Analemba chaka chiti, ndipo zinthu zasintha bwanji chilembere? Analipiridwa ndi ndani? Akutsutsana ndi wolemba uti pa mndandanda wanu womwewo, ndipo inu mukuima ndi ndani, pa chifukwa chanji? Kuli bwino kutenga mabuku ochepa n'kuwafinya kusiyana ndi kuwayala onse, lililonse mizere iwiri. Ochonga akaona ndime zofanana kutalika, iliyonse yoyamba ndi dzina la wolemba n'kutha popanda maganizo anu, amadziwiratu kuti apa munthu amathamangira kumapeto.

Nachisale: Ndamva aphunzitsi. Ndikhala nawo pansi mabukuwo.

Wa ku Ulongwe: Funso langa ndi lina. M'Chichewa tinganene bwanji ndi mawu amodzi? Ine ndikuganiza "mwachisawawa".

Mai a Mapasa: Ayi achimwene, mwachisawawa ndi zina. Munthu woyala zinthu mwachisawawa alibe dongosolo, chilichonse chili paliponse. Koma munthu atha kuyang'ana mwadongosolo ndithu, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, koma mothamanga. Ine ndingati "mwapatalipatali".

Kalaliki wa ku Khothi: Mwapatalipatali ndi pafupi, koma amakamba za kudumphadumpha, kutola apa n'kusiya apo. Pomasulira m'khothi ine ndimamva bwino "mongodutsamo" kapena "mongoponyapo maso".

JoniBoy: Mwamgwazo.

Mai a Mapasa: Ameneyo ndiye wabwera ndi mawu enieni, ngakhale amakonda zoseka. Waganyu akalima mwamgwazo, mizere yonse imaoneka kuti yatha, koma ukafukula ndi phazi upeza udzu wangokwiriridwa wamoyo. Ntchito yaoneka, nthawi yapulumuka, koma mvula ikagwa kawiri munda wabwerera.

Mphunzitsi Wopuma: Mwamgwazo ndawakonda, koma ali ndi kafungo ka perfunctory, chifukwa waganyuyo akuthamangira malipiro, munda alibe nawo ntchito. Ndiye ali pakati pa awiriwo. "Mwaphuma" nawonso ayandikira, kungoti phuma limakhudza kwambiri kupanga chiganizo usanaganize, pomwe cursory amakonda kuyenda ndi maso: kuyang'ana, kuwerenga, kufufuza, kupima. Simungamve Mngelezi akunena kuti wamanga nyumba ya cursory kapena waphika nsima ya cursory. Pa ntchito ya manja amanena slapdash kapena slipshod. Slipshod poyamba ankanena munthu wovala nsapato zokhwepa, zokwekweza pansi, ndipo patapita zaka zambiri ndi pomwe anayamba kunena ntchito yosalongosoka.

Mai a Mapasa: Ndiye Angelezi ulesi wonse amauonera kumapazi? Wina akuthamanga, wina akukwekweza nsapato.

Wa ku Ulongwe: Kkkkk koma superficial ndi wa kunkhope. M'Chipwitikizi timalemba chimodzimodzi, ndipo superfície ndi pamwamba pa chinthu.

Mphunzitsi Wopuma: Eya, super ndi pamwamba, facies ndi nkhope. Ameneyo ndiye "mwapamwambamwamba" weniweni. Amayeza kuya, pomwe cursory amayeza nthawi. Kawirikawiri zimayendera limodzi, koma pali anthu ena amakhala chaka chathunthu pa nkhani imodzi n'kutulukabe ndi zapamwambamwamba. Amenewo cursory sawakwana, vuto lawo ndi lina ndipo silichizika ndi kudekha.

Wokonda Mbiri: Ndakhala ndikungowerenga, koma pali zinthu ziwiri zomwe sindingazisiye. Choyamba ndi cha Shakespeare. M'sewero la Henry V, lolembedwa cha m'ma 1599, chakumapeto kwenikweni, mfumu ya France, itagonjetsedwa pa nkhondo ya ku Agincourt, ikukambirana za mtendere ndi Henry, mfumu ya England. Mfumuyo ikuvomera kuti mfundo za panganolo yangoziona ndi diso lothamanga, ndipo ikupempha kuti nduna za mbali zonse zikhalenso pansi kuziwerenga modekha. Chosangalatsa n'chakuti nthawi imeneyo mawuwa anali achilendo moti osindikiza sanagwirizane kalembedwe kake. Kope la 1600 lili ndi cursenary, buku lalikulu la masewero a Shakespeare la 1623 lili ndi curselarie, ndipo makope ambiri a masiku ano amalemba cursorary. Palibe limodzi mwa amenewa lomwe linakhazikika. Anapambana ndi cursory, wamfupi uja.

Kalaliki wa ku Khothi: Ndipo pangano lenilenilo silinali la masewera. Ndi la ku Troyes la 1420, lomwe linapereka Catherine, mwana wa mfumu Charles VI, kwa Henry, n'kumuika Henry kukhala wolowa ufumu wa France m'malo mwa mwana wamwamuna wa mfumuyo. Kuwerenga chikalata chotere mongodutsamo!

Wokonda Mbiri: Komabe m'seweromo mfumuyo ikugwiritsa ntchito mawuwa mochenjera. Ikugula nthawi. Kunena kuti ndangoona mothamanga ndi njira yaulemu yokanira kusaina lero. Henry mwiniwake sanalowe ufumuwo, anamwalira mu 1422, miyezi iwiri Charles asanamwalire.

JoniBoy: Njira imeneyo ndiigwiritsa ntchito kwa alandilodi akabwera ndi pepala lokweza lendi.

Wokonda Mbiri: Chachiwiri ndi chomwe chimandikhudza kwambiri. M'zaka za m'ma 1700 olemba a ku Britain ankakonda kuika mawuwa pa mutu wa timabuku tawo, monga Cursory Remarks kapena Cursory Observations. Kunali kudzichepetsa kwa mwambo, ngati kunena kuti awa ndi maganizo ongodutsa, musandiweruze kwambiri. Tsono mu 1784 m'busa wina dzina lake James Ramsay, amene anakhala zaka zambiri pa chilumba cha St Kitts ndipo ankadziwanso za udokotala, anasindikiza buku lofotokoza nkhanza zomwe akapolo a ku Africa ankachitiridwa m'minda ya nzimbe. Chaka chotsatira, 1785, James Tobin, mwini minda wa ku Nevis, anamuyankha ndi kabuku koikira kumbuyo eni akapolo, ndipo mutu wake unayamba ndi Cursory Remarks. Tangoganizani, nkhani ya miyoyo ya anthu, iye n'kuitcha ndemanga zongodutsa. Mu 1787 Ottobah Cugoano, amene anabadwira m'dziko lomwe lero ndi Ghana, n'kugwidwa ali mwana n'kukagulitsidwa ku Grenada, anasindikiza buku lake lotsutsa ukapolo ku London. M'bukumo Tobin amamutcha "the Cursory Remarker". Anatenga mawu omwe munthuyo anadziphimba nawo n'kuwasandutsa dzina lake lomunyoza. Olaudah Equiano, amenenso anakhalapo kapolo, nayenso anamulembera Tobin kalata yapoyera m'nyuzipepala ya ku London mu 1788.

Namwino waku Leeds: Izi ndiye sindinazimvepo. Cugoano anali ndi lilime lakuthwa.

Mai a Mapasa: Ndiye kuti mawu omwewo, ukadzinenera wekha ndi ulemu, akakunenera wina ndi chitonzo.

Kalaliki wa ku Khothi: Ine sindikhulupirira kuti Tobin ankadzichepetsa. Munthu amene chuma chake chonse chili pa akapolo salemba mongodutsa, analemba ataganiza bwinobwino. Mutuwo unali chishango. Ukagwidwa bodza uli ndi pothawira, umati ndinanena kale kuti sindinazame. Timaziona m'makalata a maofesi mpaka lero, munthu amayamba ndi kupepesa kuti wangoona mwachangu, kenako n'kupereka chigamulo cholemera ngati wafufuza mwezi wathunthu.

Mphunzitsi Wopuma: Bwana Kalaliki, pa Tobin ndikugwirizana nanu, koma musawaphatikize onse. Edmond Malone mu 1782 analemba Cursory Observations pa ndakatulo zomwe ankati ndi za wansembe wa m'zaka za m'ma 1400 dzina lake Rowley, n'kuonetsa kuti anazipeka ndi mnyamata Thomas Chatterton. Ntchito imeneyo inali yozama, ndipo mbiri inamuvomereza. Mutu unali wodzichepetsa, zam'kati zinali zolimba. Unali mwambo wa nthawiyo, ena ankaugwiritsa ntchito moona mtima, ena mwachinyengo.

Kalaliki wa ku Khothi: Ndiye mwandithandiza aphunzitsi. Ngati ntchito ya Malone inali yozama, mutu wake unali wabodza. Ngati ya Tobin inali yokonzedwa dala, mutu wake unalinso wabodza. Ndionetseni mmodzi amene analemba cursory pa chikuto ntchito yake ilidi yothamanga.

Mphunzitsi Wopuma: Amenewo analipo ambiri, kungoti palibe amawakumbukira, pa chifukwa chomwe mukuchidziwa.

Wa ku Ulongwe: Ndisanagone ndiponyeko kanga. Pali mbalame zina za miyendo italiitali zomwe zimakonda malo ouma opanda udzu wambiri, zikaona munthu zimathamanga pansi m'malo mouluka. Akatswiri anazipatsa dzina la Chilatini loti Cursorius, mawu enieni aja aphunzitsi anatchula poyamba. Mtundu wina, Temminck's courser, umapezeka kuno ndi ku Malawi komwe, makamaka pa malo pomwe pangopsa moto.

JoniBoy: Ndiye mbalameyo ikamafuna chakudya imayang'ana mwa cursory?

Wa ku Ulongwe: Ayi ndithu. Imathamanga pang'ono, n'kuima chilili khosi m'mwamba, n'kutola kachilombo, n'kuthamanganso.

Mai a Mapasa: Aphunzitsi, mawa mutiuzeko za desultory. Mwana wanga wawapeza m'buku la Fomu 4 ndipo akuti akukhudzana ndi akavalo, ine ndamuuza kuti asandinamize.

Mphunzitsi Wopuma: Mwanayo sakunama mayi. Desultor anali katswiri wa masewera ku Roma, wodumpha kuchoka pa kavalo wina kupita pa wina onse akuthamanga. Koma tsegulani mutu wake pawokha, muno mwadzaza kale.

Kalaliki wa ku Khothi: Mutsegule, koma ya Malone sitinamalize. Ndibwera nayo mawa ndikaweruka.